Tsiku Limene Amayi a ku Ongar Anakana Kuvina

Mpira utagweranso m'chithaphwi, Tisungane sanautole. Anaima pakati pa malo oimika magalimoto kuseri kwa mafulati a ku Ongar, mumzinda wa Dublin, manja ali m'chiuno, mvula ikumutsikira m'khosi, n'kumayang'ana timu yake. Amayi onse anali atavala majekete awiriawiri, akunjenjemera ngati anapiye ovuulidwa m'ndowa. Goli yawo inali dengu lobooka pansi limene analimangirira pamlongoti wa getsi.

"Anti Dinah, mpira ndinakupatsirani m'manja. M'manja mwenimweni!"

"Manja ake ati, mwana iwe?" anayankha a Dinah, omwe anali aakulu pa onse m'timumo, akumuonetsa zala zouma gwa. "Izi ndi zala kapena chinangwa cha m'firiji? Ine ku Thyolo ndinasewera netibolo mpaka anthu kundinyamula, koma osati m'madzi ngati chule. Sabata yamawa musandiwerengere."

Mawu amenewo ndi amene Tisungane ankawaopa. A Dinah akasiya, enawo asiyanso, ndipo timu imene anaivutikira chaka chathunthu, kugogoda khomo ndi khomo, ithera pomwepo. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti holo inalipo. Bambo Augustine, wansembe wa kwathu amene ankatumikira pa parishi ina mumzindamo, anapatsa bungwe la Amalawi la Tiyanjane holo ya parishiyo madzulo a Lachinayi lililonse, ulere. Holo ya matabwa pansi, ya mizere yojambula kale, ya hita yotentha mpaka munthu kuvula sweta. Wosankha wosunga kiyi anali tcheyamani wa bungwe, a Rodwell. Ndipo zaka zonsezi kiyiyo ankakhala m'thumba mwa a Mwila a ku St James's, amene ankatsekula chiholo chonsecho kuti iwo ndi anzawo atatu akhale pakati n'kumasewera bawo.

Amuna anayi! Bawo imene munthu angathe kusewera ngakhale pansi pa bedi!

Tisungane anali atawapempha kale a Rodwell, osati kamodzi. Iwo ankangomusisita paphewa akumwetulira. "Tiona, chemwali, tiona. Inu a ku Ongar ndinu anthu anga. Wapakhomo amadya pomaliza, alendo akakhuta."

Zoona, anthu a ku Ongar anali anthu awo. Amalawi ambiri a kumeneko anali ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, chifukwa wina akapeza fulati ankaitana mnzake wa kumudzi, mnzakeyo n'kuitana mlamu wake. A Rodwell kwawo kunali ku Bvumbwe, ndiye chisankho chikafika, nkhani inkakhala yothaitha. Ku Beaumont nako kunali chimodzimodzi, kungoti manesi a kumeneko anali a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ankavotera a Ambrosio, mkulu wa kwaya, ngakhale a Ambrosiowo atagona pamsonkhano, zimene zinkachitikadi. Dera lililonse linkaponya mavoti m'ndowa yakeyake chifukwa cha mashifiti, choncho aliyense ankadziwa mmene dera lavotera. Ndowa ya Ongar ndi ndowa ya Beaumont zinkangofanana kulemera. Ndowa yachitatu, ya St James's, inali kandowa chabe, ka anthu osakanikirana: wina wa ku Mzimba, wina wa ku Zomba, enanso a ku Zambia okwatira Amalawi monga a Mwila.

Tisungane ankaona zonsezi koma osazilumikiza. Anamulumikizira ndi mayi Maureen.

Mayi Maureen anali gogo wachiairishi wa kunyumba yosamalira okalamba kumene Tisungane ankagwira ntchito, gogo wa mkamwa mwa tsabola amene moyo wake wonse ankabetcha pa mahatchi. Mwezi umenewo Amereka ankasankha pulezidenti, ndipo gogoyo ankakana phala mpaka nkhani za pa TV zitatha. Mmawa wina Tisungane anaima pambali pake, mbale ili m'manja, akuyang'ana mapu a dzikolo atapakidwa zigamba zofiira ndi zabuluu.

"Bwanji akungokamba za madera omweomwewo?" anafunsa pa Chingerezi. "Dziko lonseli, ofuna mpandowo akungozungulira malo ochepa."

"Kwinako akatenga chiyani?" anatero gogoyo osacheuka. "Ofiirawo amavotera chipani chawo ngakhale chitaimika bulu. Abuluuwo chimodzimodzi, bulu wawo amangosiyana mtundu. Munthu amapita kumene sakudziwa kuti kugwa bwanji. Malemu mwamuna wanga ankandigulira maluwa sabata iliyonse mpaka tsiku la ukwati. Chitatha chikwati anandigulira tsache."

Supuni inagwa m'manja mwa Tisungane.

"Ndiye kuti ifeyo ndi a tsache!" anakuwa m'Chichewa.

"Sindikumva zimene ukunena," anatero mayi Maureen, "koma phalalo lazizira, ndipo sindidya."

Chisankho cha Tiyanjane chinali chitayandikira. Madzulo omwewo Tisungane anasonkhanitsa amayi a timu kukhitchini kwa a Dinah, ndipo sanadikire n'komwe kuti tiyi athiridwe.

"Lamulungu kumsonkhano wa kampeni, a Rodwell akamalowa, palibe wovina."

Kuyambira pamene bungwe linabadwa, a Rodwell sanalowepo pamsonkhano popanda amayi a ku Ongar kuwatsogolera ndi nyimbo, zitenje atamanga pamwamba pa majinzi.

"Iwe, wayamba misala?" anatero a Dinah. "Mayi ake a Rodwell ndi mayi anga ankathyola tiyi mzere umodzi. Ndikakana kumuvinira, kumudzi akamva ndikayankha chiyani?"

"Mukayankhe kuti zala zanu zauma, anti. Tavina zaka zingati? Tapindulanji? A Mwila anavinapo liti? Koma chisankho chikayandikira amalandira usipa, amawanyamula pagalimoto ngati mkwatibwi, kiyi ali naye ndi iwo. Chifukwa chiyani? Chifukwa palibe amene amadziwa kuti mawa adzuka mbali iti. Ife amatidziwa ngati msewu wopita kuchimbudzi, munthu amauyenda ngakhale maso ali chitsinzinire."

"Ayi, chitsanzo chakocho chanyanya," anatero mayi wina, koma anali akuseka.

"Sindikuti tiwataye. Ndikuti achite mantha pang'ono. Tingokhala pansi basi."

Lamulungu lija, Misa itatha, anthu anadzaza m'holo momwemo. Tisungane anaponda matabwa osalala aja, n'kuona mizere yoyera ikuwala, mtima n'kumuwawa ngati waona chibwenzi chake chili ndi wina. Amayi a ku Ongar anakhala mzere wakutsogolo, manja ali pamiyendo.

Chitseko chinatseguka. A Rodwell anaima pakhomo atavala suti yawo ya maukwati, dzanja limodzi lili m'mwamba, akudikira nyimbo. Kunamveka kulira kwa hita basi. Anadikirabe. Kenaka anaganiza kuti mwina amayiwo sanawaone, ndiye anabwerera panja, n'kutseka chitseko, n'kulowanso, ulendo uno akutsokomola.

Phazi la a Dinah linayamba kugunda lokha pansi. Chiuno chinayamba kunyamuka pampando. Tisungane anagwira nsonga ya chitenje chawo n'kuikulunga kudzanja.

"Ndisiye, mwana iwe, miyendo ikuyabwa," ananong'ona a Dinah.

"Ikandeni, anti."

A Rodwell anayenda okha holo yonseyo, nsapato zikulira kwe, kwe, kwe, ngati munthu wochedwa kutchalitchi. Atangokhala pansi analowa a Ambrosio, amayi a ku Beaumont akuwaimbira monga mwa nthawi zonse. Apo ndi pamene Tisungane anachita chimene sanauze aliyense. Anawomba m'manja. Kawiri kokha, mwaulesi, koma holo yonse inamva. A Ambrosio anapunthwa. A Mwila, amene ankasewera ndi kiyi pachala, anasiya kumuzunguza.

Lachiwiri lisanathe, a Ambrosio anafika ku Ongar koyamba m'moyo wawo. Anakwera basi yolakwika, n'kusochera, n'kupezeka akugogoda pakhomo pa banja lina la ku Poland atanyamula jumbo ya matemba. Atawapeza eni ake a matembawo, anagawa nyumba ndi nyumba, akufunsa dzina la mwana aliyense n'kumaliiwala pomwepo.

"Chemwali," anauza Tisungane, "ndamva mumasewera mpira panja. Pamvula! Ana a Mulungu! Ine ndikalowa, holo ija ndi yanu."

Mawa lake a Rodwell anatulukira ndi poto wa kalongonda, nyemba za kwawo zimene zimatenga tsiku lathunthu kuti zipse. Anaphika okha, ndipo ananena zimenezo pakhomo lililonse. Lachinayi anabweranso kudzafunsa ngati pali mpopi wodontha. Lachisanu a Ambrosio anabwera ndi theka la kwaya kudzaimbira wodwala, ndipo atapeza kuti palibe amene akudwala, anaimbira mwamuna wa a Dinah amene anangoti mutu ukumuwawa pang'ono.

Amayi ankajambula zonsezi n'kumaika pa WhatsApp. Matemba pa mbale, kalongonda pa mbale, a tcheya atagwada pansi pa sinki.

Koma walira mvula walira matope. Ambiri ku Ongar ankagwira ntchito usiku n'kumagona masana, ndipo masana ndi pamene akuluakuluwo ankagogoda. A Dinah anafika pomata pepala loletsa kugogoda pachitseko, koma a Ambrosio analiwerenga n'kugogoda kuti apepese chifukwa chogogoda dzulo. Kenaka Tisungane analandira uthenga wa mawu kuchokera kwa amalume ake ku Thyolo, wautali ngati ulaliki wa maliro.

"Tamva zimene ukuchita kunjako. Unapita kukagwira ntchito kapena kukagwetsa maboma? Rodwell ndi mwana wa kuno. Ukamuchititsa manyazi, ife timwera kuti tiyi pamsika?"

Tisungane anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Anawaimbira a Rodwell nthawi yomweyo.

"A tcheya, nkhani ya ku Dublin mwaitumiza ku Bvumbwe? Amalume anga ali ndi voti kuno?"

"Chemwali, mtima pansi. Ndimangowapatsa moni akuluakulu."

"Moni wake ameneyo? Ndiye mverani wanga. Kiyi."

"Ndikapambana, kiyi ndi wanu. Ndalumbira pali malemu mayi anga."

Tisungane anavina yekha m'khitchini. Tsiku loponya voti lisanafike anawauza amayi aja mwachindunji: "Zatheka. Tonse tivotere a Rodwell, alumbira. Koma voti imodzi yokha ipite kwa a Ambrosio, kuti a tcheya asadzagonenso tulo. Imeneyo ndiponya ndine. Mwamva? Imodzi."

"Tamva," anayankha onse, ndipo anapita kukauza amuna awo, popeza amuna a ku Ongar ankavota zimene amva kukhitchini.

Ndowa zitatu zija zinafika m'holo Lamulungu masana, zitamatidwa ndi tepi. Bambo Augustine anavala magalasi n'kuyamba ndi ya Ongar, kuti athane ndi zodziwika kale. A Rodwell, amene anasamukira ku Lucan kalekale koma ankavotabe ndi anthu akwawo, anakhala mwendo uli pamwamba pa unzake.

"Ambrosio," anawerenga wansembeyo.

Tisungane anamwetulira. Yake ija yatuluka yoyamba.

"Ambrosio."

Kumwetulira kunaima panjira.

"Ambrosio. Ambrosio. Ambro..." Bambo Augustine anatembenuza ndowa kuti aone ngati sanasinthanitse. Pambali pake panalembedwa bwinobwino kuti Ongar. Anapitiriza, mawu akunka nachepa. Tisungane anatembenukira kwa a Dinah, amene anali kalikiliki kufufuza kanthu m'chikwama.

"Anti?"

"Ndinaona kuti imodzi yachepa," ananong'ona a Dinah. "Munthu sachita mantha ndi voti imodzi. Ndinati zikhale ziwiri."

"Ine matemba aja ndinadya," anatero mayi wa kumbuyo. "Chikumbumtima, asisi."

"Ine anandiimbira nyimbo," anatero mwamuna wa a Dinah. "Mutu unasiyadi."

Pansi penipeni pa ndowa panapezeka kapepala kamodzi ka a Rodwell. Kamodzi. A Rodwell anakayang'ana, n'kuwerenga pa zala, kenaka anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana akazi awo, amene nawonso anaponya m'ndowa yomweyo. Mayiwo anali akuyang'ana kudenga ngati aonako mngelo.

A Ambrosio anali ataimirira kale, akugwirana chanza ndi aliyense, mpaka anayambitsa nyimbo yothokoza. Ndowa ya Beaumont inatsegulidwa nyimboyo ili pakati.

"Rodwell," anatero Bambo Augustine. "Rodwell. Rodwell."

Nyimbo inafera pakhosi. Wansembeyo anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso. "Rodwell."

"Amayi anga!" analira a Ambrosio. "Kwaya yanga!"

Pamenepo anaimirira a Magdalena, nesi wamkulu wa ku Beaumont, mayi wamtali amene ankachita kuwerama polowa m'basi. "A Ambrosio, musatiyang'ane choncho. Zaka zonsezi takuimbirani mpaka mawu kusasa. Matemba tinawaonapo? Tinawaona pa foni, ali m'mbale za ku Ongar. Ifenso tili ndi pakamwa."

Holo inaphulika. Ena ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ena ankatukwanizana. Ndowa ziwiri zikuluzikulu zinangosinthana malo, kulemera kuli komwe kuja, ndipo nkhani inatsalanso m'kandowa ka St James's. Bambo Augustine anakakhuthula, n'kuwerenga, n'kulengeza kuti a Rodwell apambana ndi mavoti atatu.

A Mwila anatulutsa kiyi uja n'kuyambanso kumuzunguza pachala.

Tisungane anaona kuti zavuta. Wopereka kiyi wapambana, ndipo kwa anthu akwawo wapeza voti yake yokha. A Rodwell anabwera molunjika, nkhope itatupa.

"Iwe mwana, wandivula pagulu. Lumbiro lija linali la anthu ondivotera. Kaseweretu m'matope mwakomo."

Tisungane anaimirira. Ankadziwa kuti pamaso pa akulu munthu amatsitsa mawu, koma mawuwo anakana kutsika.

"Takuvulani ndife, a tcheya? Amayi awa akuvinirani zaka zonsezi, ena ali ndi pakati, ena atangoweruka ku shifiti ya usiku. Munawapatsa chiyani? Kusisita paphewa! Mwaphika kalongonda kamodzi, mukufuna tikulembeni m'Baibulo?"

"Tisu, khala pansi," anatero a Dinah akumukoka siketi.

"Ndisiyeni, anti, ndikande pamene pakuyabwa!"

"Pepani ndilowererepo," anatero a Magdalena akuyandikira. "Kiyi ameneyo musakanganirane. Takupambanitsani ndife a ku Beaumont. Ndi wathu."

"Mavoti atatu aja anachokera kuti, mayo?" anafunsa a Mwila mokoma. "Kiyi ali pamene amakhala."

A Rodwell anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko, thukuta likutsika ngakhale anali patali ndi hita. Tisungane anawayang'ana a Magdalena kuyambira kumapazi, ndipo maso ake anayenda ulendo wautali asanafike kumutu. Mkwiyo unayamba kusanduka chinthu china.

"Amayi, holoyi mukufuna muzichitiramo chiyani?"

A Magdalena anakanda m'mutu. "Sitinaganize. Tikungofuna nafenso tilandireko kanthu."

"Netibolo munaseweraponi?"

Mayiwo anaseka mpaka mano onse kuonekera. "Mwana iwe, ukufunsa ine? Kusekondale ku Dedza mpira sindinkaponya. Ndinkangouika."

"Ndi angati ku Beaumont angavale nsapato Lachinayi?"

"Timu yathunthu, ndi ena oimba kunja."

Tisungane anatembenukira kwa a Rodwell. Ananyamula ndowa ya Ongar n'kuiika patebulo, n'kunyamula ya Beaumont n'kuiika pambali pake. Kenaka anatenga kandowa ka St James's ndi zala ziwiri, n'kukaika patsogolo pa zinzakezo.

"A tcheya, inu munapita kusukulu kuposa ine. Chisankho china chikubwera. Izi ziwiri lero mwaziona nokha kuti zilibenso mwini. Lachinayi zikhala m'holo muno limodzi, kapena zikhala panja pamvula limodzi, zikukambirana za inu. Sankhani."

A Rodwell anayang'ana ndowa zija nthawi yaitali. Anayang'ananso akazi awo, amene tsopano anasiya za kudenga n'kumawayang'ana m'maso. Kenaka anatambasula dzanja.

"A Mwila, achimwene, tabwerekeni kiyiyo."

"A tcheya, ndakupatsani mpando ine!"

"Mwandipatsa, zikomo. Bawo muziseweranso momwemuno, pakona apo pali malo. Hita imafika."

Lachinayi lotsatira mvula inagwa ngati yatumidwa, koma inkagwera padenga. Tisungane anatsekula holo ndi dzanja lake, n'kuyamba waima kaye pakati, akununkhiza fungo la polishi. A Rodwell anabwera ndi malalanje oduladula. A Ambrosio anabweranso ndi malalanje, ndipo anakhala mbali ina, aliyense akuwerenga amene akutola m'mbale ya mnzake.

Beaumont inawakwapula popanda chifundo. A Magdalena sanadumphe ngakhale kamodzi. Ankangotambasula dzanja n'kuika mpira m'goli ngati akubweza kapu pashelefu. Pofika pa hafu Tisungane anali atakangana kale ndi woimba wezulo, ndi a Magdalena, ndiponso ndi mzere wa pansi umene ankati unajambulidwa mokhota.

"Anti Dinah! Mpira ndakupatsirani m'manja! Lero zala zili bwanji?"

"Zala zili bwino," anatero a Dinah akudzikupiza ndi chitenje, thukuta lili kamukamu. "Koma muno mwatentha, mwana iwe. Munthu angasewere bwanji m'uvuni?"

Tisungane anatola mpira n'kuuponya ndi mkwiyo wonse. Unadutsa pamwamba pa a Dinah, n'kudutsa pamwamba pa a Magdalena omwe, n'kukatera pakona paja, pakati penipeni pa bawo. Nkhomo zinamwazika holo yonse, zikugubuduka pamatabwa.

"Ndinali pafupi kudya!" anakuwa a Mwila atagwada, akutola imodziimodzi. "A tcheya, mwaona? Chisankho chikubwerachi mudzandifuna!"

A Rodwell ndi a Ambrosio anadzuka nthawi imodzi, n'kuthamangira kukawathandiza kutola.